Ju jitsu kwathu kuno ku Kasungu: kuchoka pa lamba woyera kufika pa wakuda

Achinyamata ambiri amene amandipeza pa boma pano amayamba ndi funso limodzi: "Akulu, lamba wakuda amatenga miyezi ingati?" Ndikawauza kuti awerenge zaka osati miyezi, ena sabweranso. Malangizo awa ndikulembera amene amatsala aja, komanso makolo amene mwana wawo wayamba kuvutitsa kuti akufuna masewerawa. Ife a ku Kasungu kudikira timakudziwa. Fodya amene amafika pa okushoni ku Chinkhoma mu April anayambira pa nazale chaka chatha, ndipo palibe amene amathyola tsamba lisanakhwime n'kuyembekezera mtengo wabwino.

Yambani mwadziwa chimene mukufuna kuphunzira

Dzina lakuti ju jitsu limanyamula zinthu zingapo, ndiye musanataye ndalama ya thiransipoti, zisiyanitseni. Gwero lake ndi ku Japan. Asilikali akale a kumeneko, asamurai, ankavala zodzitetezera zolimba moti chibakera sichinkaphula kanthu, choncho anaphunzira kugwetsa mdani, kumupinda mfundo za mikono ndi kumukanyanga pakhosi. Imodzi mwa sukulu zakale kwambiri, Takenouchi-ryu, inayamba mu 1532. Mawu akuti ju amatanthauza kufewa kapena kugonjera, jitsu ndi luso. Munthu akakukankha suumirira ngati chitsa, umamutsata n'kugwiritsa ntchito mphamvu zake zomwezo.

Mu 1882 Jigoro Kano, amene anaphunzira ju jitsu wakaleyo, anatsegula sukulu yake ya Kodokan ku Tokyo, n'kuchotsamo zina zoopsa kuti anthu azitha kulimbana ndi mphamvu zonse popanda kupwetekana. Ndiye judo ameneyo. Lamba wakuda mukumufunayu anayambira kwa Kano yemweyo. Pambuyo pake munthu wina wa ku Kodokan, Mitsuyo Maeda, anafika ku Brazil mu 1914, ndipo kudzera mwa Carlos Gracie ndi mng'ono wake Hélio kunabadwa Brazilian jiu-jitsu, amene ambiri amangoti BJJ, wolimbanira pansi kwambiri. Dziko lonse linamudziwa mu 1993 pamene Royce Gracie anapambana mpikisano woyamba wa UFC, wolimbanitsa akatswiri a masewera omenyana osiyanasiyana, ku Denver ku America, atagonjetsa anthu omuposa thupi.

Kusiyanaku kumakhudza lamba wanu. Mu ju jitsu wa ku Japan sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wake, koma kawirikawiri umayenda motere: woyera, wachikasu, wa olenji, wobiriwira, wa buluu, wa pepo, wa bulawuni, kenako wakuda, ndipo munthu wosajomba amatenga zaka 4, 5 kapena kuposerapo. Mu BJJ malamba a akuluakulu kufika pa wakuda alipo 5 okha, woyera, wa buluu, wa pepo, wa bulawuni ndi wakuda, koma ulendo wake umayandikira zaka 10. Bungwe la IBJJF, loyendetsa mipikisano ya BJJ m'mayiko ambiri, sililola lamba wa buluu kwa mwana wosakwana zaka 16, ndipo lamulo lake ndi lakuti munthu akhale zaka 2 pa buluu, chaka ndi theka pa pepo, chaka chimodzi pa bulawuni. Wina akakulonjezani lamba wakuda m'miyezi 12, akukugulitsani nsalu chabe.

Mphunzitsi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi povuta kwa ife okhala kutali ndi mizinda. Lamba sudzipatsa wekha, ndipo vidiyo ya pa YouTube singakuone kuti phazi waponda molakwika. Pamafunika munthu wamoyo amene nayenso anaphunzitsidwa ndi wina.

Mukamupeza, musachite manyazi kufunsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, lamba wanu anakupatsani ndani, chaka chanji, kuti?" Mphunzitsi weniweni funso limeneli limamusangalatsa, amatchula dzina la amene anamuphunzitsa, nthawi zina n'kukuonetsani satifiketi ndi zithunzi. Wabodza amapsa mtima kapena amayamba nthano zakuti anaphunzira ku phiri kwa munthu wosatchulika dzina. Pemphaninso kuti tsiku loyamba mungokhala pambali n'kuonerera. Muone ngati ophunzira atsopano akuphunzitsidwa kugwa asanayambe kugwetsedwa. Muone ngati wamkulu akasewera ndi wamng'ono akumusamala. Mukaona mphunzitsi akupweteka wophunzira dala kuti anthu amuope, nyamukani. Mukamva za mangolomera kapena kutema mphini kuti thupi lilimbe, nyamukaninso, chifukwa zimenezo si mbali ya masewerawa.

Ngati kuno simunamupeze wa ju jitsu, koma mwapeza wa judo, yambani ndi ameneyo mosakayika. Kagwedwe, kagwetsedwe ndi kapanidwe ka pansi n'zofanana, ndipo judo ku Malawi ilipo ndithu, mpaka Harriet Bonface anakaimira dziko lino pa masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021. Njira ina ndi imene ambiri a ife tinadzera: kupeza mphunzitsi ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, n'kumapitako kamodzi kapena kawiri pa mwezi. Mukapita anthu awiri kapena atatu zimakhala bwino, chifukwa chimene wina waiwala mnzake amachikumbuka. Mubwereko ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, muzibwereze mwezi wonse, ndipo ulendo wotsatira mukayambe mwaonetsa zimenezo kuti akukonzeni.

Kwa makolo a ana aakazi ndinenepo ichi. Masewerawa ndi ogwirana thupi, choncho malo ophunzirira akhale otsegula zitseko, kholo likhale ndi ufulu wolowa nthawi iliyonse, ndipo mwana asatsale yekha ndi mphunzitsi. Mphunzitsi wabwino lamulo limeneli amaliika yekha musanalipemphe.

Pogwera

Ndisanaphunzire bwino ndinalakwitsa chinthu chimene mpaka lero chimandipweteka mumtima. Ndili mnyamata, titaonera kanema ku vidiyo sho, ndinayesa kugwetsa mnzanga kuseri kwa chigafa, pa dothi louma la mu September. Anatambasula dzanja kuti adzitchinjirize ndipo fupa la pakati pa khosi ndi phewa linathyoka. Chaka chimenecho sanathe kugwira khasu nthawi yogalauza, ndipo amayi ake ndi amene anasenza ntchito yonse ya kumunda. Sitinkadziwa kugwa, ndipo pogwera panalibe. Choncho musagwetsane pa simenti, pa bwalo la mpira louma kapena pa mphasa.

Mateti enieni a masewerawa, otchedwa tatami, ndi okwera mtengo, koma pali njira yoyambira. Pezani malo athyathyathya a mamita 5 mbali zonse, mutchinge m'mbali ndi matabwa, muthiremo utuchi wa kwa akalipentala kapena mankhusu a mpunga mpaka kuya kwake kupose chikhatho choimika. Pondani bwinobwino kuti pasakhale zigwembe, muchotse tizidutswa ta matabwa ndi misomali, kenako muyale lona pamwamba n'kulikoka zolimba, kulikhomera kunja kwa matabwa aja. Lona lokwinyika limakola zala za kumapazi. Matiresi ogonera okha sathandiza: ndi ofewa mopitirira, phazi limamira ndipo bondo limapotoka. Sabata iliyonse vundukulani lona, mutakase utuchi n'kuusalaza, chifukwa pakati pamalimba msanga. Nthawi ya dzinja malowa akhale ndi denga. Holo ya tchalitchi kapena kalasi ya sukulu imatheka mukapempha kwa eni ake mwadongosolo, ndipo ngati muli kumudzi, a mfumu adziwe kaye kuti anyamata akusonkhaniranji madzulo aliwonse.

Chovala chake chimatchedwa gi. Cha judo kapena cha BJJ ndi cha nsalu yochindikala chifukwa chimakokedwa tsiku lililonse. Cha karate n'chopyapyala, chimang'ambika sabata yoyamba. Pa kaunjika nthawi zina chimapezeka, ndiye muuzeni wogulitsa amene mumadziwana naye kuti akatsegula belo akusungireni. Mukachipeza chofooka, telala akuwonjezereni nsalu ya jini pakolala, m'khwapa ndi m'mawondo. Povala, mbali ya kumanzere imapita pamwamba pa ya kumanja. Musanapeze gi, kabudula wopanda zipi ndi matumba pamodzi ndi tisheti yothina zikukwanirani.

Miyezi itatu yoyamba: kugwa

Luso loyamba ndi ukemi, kugwa osavulala, ndipo ndikupemphani kuti pano musathamange. Munthu woopa kugwa amauma thupi, amakakamira mnzake, ndipo zaka zimatha asanaphunzire kalikonse.

Yambani ndi kugwa chagada. Khalani pansi, miyendo kutsogolo. Chibwano chigunde pachifuwa, maso ayang'ane mfundo ya lamba wanu. Gubuduzikirani kumbuyo msana utapindika ngati uta, ndipo msana ukamafika pansi menyani pansi ndi mikono yonse iwiri, kuyambira paphewa mpaka pachikhatho, mikonoyo itatalikirana pang'ono ndi nthiti. Pomenyapo tulutsani mpweya. Mutu usagunde pansi ngakhale pang'ono. Mukachita zimenezi ka 20 tsiku lililonse kwa sabata ziwiri, yambirani chonjuta, ndipo pambuyo pake choimirira. Musalumphe sitepe. Khosi limawawa masiku oyamba chifukwa minofu yake sinazolowere kunyamula mutu, ndipo zimenezo zimatha.

Kenako kugwa cham'mbali, kumene mudzakugwiritse ntchito kwambiri, chifukwa magwetsedwe ambiri amakufikitsani pansi ndi nthiti. Mwendo umodzi umadutsa kutsogolo kwa unzake, mumatsikira mbali imeneyo, n'kumenya pansi ndi mkono wa mbali yomweyo. Miyendo ifike pansi motalikirana kuti mawondo ndi akakolo asawombane. Kugwa chafufumimba kumafuna kuti mufikire pa mikono kuyambira pachigongono mpaka pachikhatho, nkhope itayang'ana kumbali, mimba ndi mawondo zili m'mwamba. Komaliza ndi kugubuduzikira kutsogolo: mkono umakhala ngati mkombero wa njinga, thupi limadutsa pa mkonowo, paphewa, n'kudula msana mopingasa kukafika pa chiuno cha mbali inayo. Si chidali cha pamutu chimene tinkachita tili ana. Mutu sukhudza pansi.

Lamulo limodzi limamanga zonsezi: musatambasule dzanja kuti mudzigwire pogwa. Thupi limafuna kutero lokha, ndiye pamafunika kubwereza kambirimbiri mpaka chizolowezi chakale chife. Mbali zonse ziwiri ziphunzire mofanana. Luso limeneli lidzakuthandizani ngakhale kunja kwa masewera, tsiku limene kabaza adzaterereke pa matope a mu February.

Nthawi yomweyi phunziraninso kugonja. Mnzanu akakupindani mkono kapena kukugwirani pakhosi, mumugunde ndi chikhatho kawiri kapena katatu pathupi pake, momveka. Manja akapanidwa, pondani pansi ndi phazi kapena fuulani. Iye asiye pompo, osafunsa, osamaliza kaye. Gonjani msanga, ululu usanafike. Anyamata ambiri amaona ngati kugonja n'kutsika ulemu, koma chigongono chikathyoka mumakhala miyezi osasewera pamene anzanu akupita patsogolo. Mawu a Chijapani akuti mate akamveka kuchokera kwa mphunzitsi, aliyense amaima. Hajime ndiye kuti yambani. Kuwerama polowa ndi poyamba kusewera ndi mnzanu, kumene amati rei, ndi moni wa ulemu monga mmene ife timagwirira chigongono popereka dzanja kwa wamkulu, si kupembedza.

Kugwetsa

Mukadziwa kugwa, mphunzitsi adzayamba kukuonetsani kugwetsa. Kugwetsa kulikonse kuli ndi zigawo zitatu: kuzushi, kumuchotsa mnzanu pa mphamvu ya miyendo yake; tsukuri, kulowetsa thupi lanu pamalo oyenera; kake, kumaliza. Atsopano amathamangira chachitatu n'kumadabwa kuti munthu sakugwa. Ganizirani thumba la chimanga la makilogalamu 50. Likaima chilili pansi ndi lolemera, koma mukalipendeketsa pa ngodya imodzi, mwana amatha kuligwetsa. Munthunso ndi choncho: mukokeni kapena mukankheni mpaka kulemera kwake kukhale pa zala za kumapazi kapena pa chidendene chimodzi.

Tengani o-soto-gari. Dzanja lamanja lagwira kolala yake, lamanzere lagwira mkono wa malaya ake pachigongono. Pondani phazi lamanzere pambali pa phazi lake lamanja, chifuwa chanu chigunde chake, manja anu amupendeketsere kumbuyo mpaka kulemera konse kukhale pa chidendene chake chamanja. Apo ndiye mwendo wanu wamanja upite kutsogolo n'kubwerera kumbuyo ngati chikwakwa, kumweta mwendo wake uja. Mukamweta asanapendekeke, iye ndi amene adzakugwetseni ndi luso lomwelo.

O-goshi ndi kugwetsa ndi chiuno. Mkono wamanja uzungulire m'chiuno mwake, tembenukani kuti msana wanu ugunde mimba yake, mapazi anu akhale pakati pa ake, mawondo apindike mpaka chiuno chanu chitsike kuposa lamba wake. Mukawongola miyendo amanyamuka yekha. Amayi amene amabereka mwana kumbuyo kayendedwe kameneka amakadziwa kale, ndipo ndaona atsikana akukagwira msanga kuposa anyamata odalira mikono. Mnzanu akamagwa musamutaye. Gwiritsitsani mkono wake uja n'kuukokera m'mwamba kuti afike pansi cham'mbali, mutu uli pabwino. Wogwetsa amatchedwa tori, wogwetsedwa uke, ndipo uke wakubwereketsani thupi lake. Mulibweze lili bwino.

Mu ju jitsu wa ku Japan mudzaphunziranso kutchinga chibakera, kumenya ndi kukankha ndi mwendo, kudzimasula munthu akakugwirani dzanja, kolala kapena kukukumbatirani kumbuyo, ndi kupinda dzanja pamfundo monga kote-gaeshi. Zimenezi muziyeserera pang'onopang'ono, chifukwa mfundo ya dzanja ndi yaing'ono ndipo sichenjeza isanavulale.

Pansi pali dziko lakelake. Choyamba si kupana ayi, koma kuthawa: kudzikankha cham'mbali ndi chiuno mutagona, ndi kunyamula chiuno m'mwamba ngati mlatho kuti wokukhalirani apendekeke. Kenako kesa-gatame, kumupana mnzanu mutakhala pambali pake, mkono wanu utazungulira khosi lake, mkono wake uli m'khwapa mwanu. Juji-gatame ndi kuwongola chigongono: mkono wake uli pakati pa ntchafu zanu, mawondo anu athinana, chala chake chachikulu chaloza kumwamba, ndipo inu mukukweza chiuno pang'onopang'ono. Zogwira pakhosi, monga hadaka-jime, zimatseka mitsempha yopititsa magazi ku ubongo ndipo munthu amakomoka m'masekondi ochepa. Zimenezi zisachitike popanda mphunzitsi, zisachitike pa ana aang'ono, ndipo zisachitike ngati nthabwala kusukulu kapena kunyumba.

Sabata yanu

Katatu pa sabata, ola limodzi ndi theka, n'kokwanira. Werengani nokha: mukasewera masabata 45 pa chaka, amenewo ndi maola opitirira 200, ndipo pa zaka 5 mwadutsa maola 1,000. Wobwera katatu pa sabata chaka chonse amaposa wobwera tsiku lililonse mwezi umodzi n'kusowa miyezi itatu. Tsiku lililonse liyambe ndi mphindi 15 zotenthetsa thupi, ndiye ukemi, ndiye luso limodzi kapena awiri obwerezabwereza, ndipo kumapeto randori, kulimbana momasuka kwa mphindi 3 mpaka 5 ndi munthu mmodzi, kenako kusinthana. Randori musaithawe. Luso limene limagwira ntchito pa mnzanu wongoima silinayesedwe. Koma randori si ndewu. Sewerani ndi mphamvu zochepera pa zonse, yesani zimene mwaphunzira sabata imeneyo, mulole kugwetsedwa.

Kuno kalendala yathu imalamulidwa ndi munda. Kuyambira December mpaka March anthu amachepa, wina ali kupalira, wina kubandira, wina kuthyola ndi kusoka fodya mpaka usiku. Musadzinamize kuti mudzakwanitsa katatu. Gwirizanani tsiku limodzi, mwina Lamlungu masana, ndipo musalitaye. Mu October ndi November dzuwa limaswa mtengo, ndiye sewerani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili pambali, aliyense lake.

Zakudya zodula za m'mabotolo n'zosafunika. Nsima ya mgaiwa, nyemba, soya, usipa, mazira, ndiwo zamasamba zotendera, mbatata ndi nthochi zimamanga thupi bwino lomwe, ndipo mtedza kwathu kuno susowa. Idyani maola awiri musanasewere. Kukhuta kwambiri sikuyenderana ndi mnzanu wokukhalira pamimba. Mowa ndi fodya wosuta zimadula mpweya, mudzaziona nokha pa mphindi yachitatu ya randori.

Ukhondo ndi matenda

Zipere, mphere ndi zithupsa zimafala msanga pamene anthu akukhudzana khungu. Wina akakhala nazo apume mpaka atachira, ngakhale akhale katswiri wa gulu lonse. Lona lizikolopedwa ndi madzi a sopo kapena othira klorini tsiku lililonse losewera. Gi ichapidwe mukangomaliza, iume padzuwa, ndipo lamba nayenso amachapidwa. Zikhadabo ziwengedwe, mphete, ndolo ndi mikanda zivulidwe. Pa lona sipaponda nsapato, ndipo wopita kuchimbudzi avale patapata. Magazi akatuluka masewera aime, bala limangidwe, pamalopo papukutidwe.

Mukamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha, pitani mukayezetse malungo, musati ndikatuluka thukuta zitha. Munthu akagunda mutu n'kuyamba chizungulire, kusanza, kuiwala kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, tsiku limenelo wamaliza, ndipo apite kuchipatala ndi womuperekeza. Akadandaula khosi atagwa, kapena akati manja achita dzanzi, musamudzutse ndi kumukoka, mutu ukhale mmene ulili mpaka thandizo lipezeke. Khutu likatupa ndi magazi mkati, achipatala alione masiku oyambirira omwewo lisanaume n'kupindika.

Mayeso a malamba

Pemphani mphunzitsi akupatseni mndandanda wa zofunika pa lamba aliyense, ndipo mugule kope. Mulembemo tsiku, zimene mwaphunzira, amene munasewera naye ndi chimene chinakukanikani. Kope limeneli lidzakhala mboni yanu ngati mphunzitsi atasamuka, zimene zimachitika kawirikawiri kwa aphunzitsi ogwira ntchito za boma kapena za mabungwe. Mayina a Chijapani muwaloweze pang'onopang'ono, chifukwa pa mayeso woyesa amangotchula dzina, inu n'kuchita.

M'sukulu zambiri za ju jitsu wa ku Japan malamba oyamba amasinthidwa pakatha miyezi ingapo, koma mukamakwera mpata umatalika, ndipo pa bulawuni munthu amakhala chaka kapena kuposa. Mu BJJ nthawi zambiri mphunzitsi amangokuyang'anani mmene mukusewerera miyezi ndi miyezi, n'kumaika timizere pa lamba mpaka tsiku limene waona kuti mwakhwima. Musapemphe lamba. Funsani kuti, "Aphunzitsi, ndikonze chiyani?" Ndalama ya mayeso, ngati ilipo, idziwike poyera kwa aliyense nthawi isanakwane.

Anthu sasiya pa lamba woyera pokha. Ambirinso amasiya pakati, chaka chachiwiri kapena chachitatu, pamene zachilendo zatha ndipo akuona ngati sakusuntha. Amene munkawagwetsa mosavuta ayamba kukuvutani, chifukwa nawonso akukula. Nthawi yomweyo ukwati wabwera, mwana wabadwa, kapena ntchito yakuitanani ku Mzuzu. Ikafika nyengo imeneyi chepetsani masiku koma musadule. Sankhani luso limodzi loti mulikonde miyezi 6, mulifunefune pa randori iliyonse. Pitani mukasewere ndi anthu a kwina, chifukwa anzanu a tsiku ndi tsiku amakudziwani kale mayendedwe. Mpikisano ukapezeka lowani, ngakhale kamodzi. Mantha a tsiku limenelo amaphunzitsa zimene chaka chathunthu sichingaphunzitse. Bungwe la ju jitsu la dziko lonse, JJIF, lili ndi mipikisano ya mitundu ingapo, ina yomenya ndi kugwetsa, ina ya pansi pokha, ina yoonetsa luso anthu awiriawiri, ndiye funsani mphunzitsi kuti gulu lanu limatsata malamulo ati.

Pofika pa bulawuni mudzayamba kuthandiza kuphunzitsa atsopano. Musaione ngati ntchito yotayitsa nthawi. Mwana wa zaka 10 akakufunsani chifukwa chake phazi likuponda apa osati apo, mudzazindikira ngati inuyo mukudziwadi.

Ndinenenso za kunja kwa lona. Luso limeneli si la ku bawa, si la pa depoti, si loopsezera akazi kapena azing'ono anu. Malamulo a dziko amalola kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi choopsa chimene chakugwerani, osapitirira apo, ndipo munthu wogwetsedwa pa tara amene sadziwa ukemi akhoza kufa. Wakuba akatulutsa mpeni kapena chikwanje n'kufuna foni, mupatseni. Zotchinga mpeni zimene mudzaphunzire ndi za pamene pothawira palibe. Mphunzitsi amene ndinaphunzira kwa iye ankachotsa pa gulu aliyense woyambitsa ndewu, ngakhale atatsala mwezi umodzi kuti ayesedwe, ndipo ine ndimachita chimodzimodzi.

Chaka cha lamba wakuda

Mphunzitsi akakuuzani kuti mukonzekere, dzipatseni miyezi 6. Sankhani uke mmodzi wokhulupirika, wa msinkhu wofanana ndi wanu, amene mudzayeserere naye mpaka tsikulo, ndipo ngati mayeso ali kutali thiransipoti ndi chakudya chake zikhale pa inu. Bwererani ku mndandanda wonse kuyambira pa lamba woyera, chifukwa oyesa amakonda kufunsa zoyambirira, ndipo munthu wa bulawuni wogwa mosasamala amaonekera patali. Luso lililonse lichitike kumanja ndi kumanzere. Ngati sukulu yanu ili ndi kata, mayendedwe oikika amene amachitika mwa ndondomeko yake, muyeserere mpaka inu ndi uke muzipuma pamodzi. Wonjezerani mpweya: thamangani katatu pa sabata, ndipo kamodzi muzikwera chitunda, phiri la Kasungu lili pomwepa. Mayeso amatha kutenga maola angapo, ndipo randori imabwera kumapeto mutatopa kale, dala, kuti aone ngati luso limatsala mphamvu zikatha.

Sabata yomaliza musaphunzire chatsopano ndipo musalimbane mwamphamvu. Gonani mokwanira. Fikani kumalo a mayeso dzulo lake, musadalire minibasi ya m'mawa womwewo. Nyamulani gi yochapa, ina yapadera ngati muli nayo, madzi, nthochi, bandeji ndi kope lanu lija. Mukalakwitsa luso pakati pa mayeso musaime n'kugwira kumutu, malizani bwinobwino, ndipo akakuuzani kuti mubwereze, bwerezani. Mukalephera, funsani zofooka zanu, muzilembe, mufunsenso tsiku la mayeso otsatira.

Mukakhoza, mu ju jitsu wa ku Japan mulingo umenewu umatchedwa shodan, kutanthauza sitepe yoyamba, ndipo pamwamba pake pali nidan, sandan ndi ena, uliwonse ndi zaka zake. Mu BJJ mizere itatu yoyamba ya pa lamba wakuda imabwera pakatha zaka 3 uliwonse. Musachoke pamalopo opanda satifiketi yolembedwa dzina lanu monga lilili pa chiphaso cha unzika, tsiku, mulingo, dzina la sukulu kapena bungwe, ndi siginecha ya amene anakuyesani. Ijambuleni pa foni, muitumizenso kwa m'bale wanu kuti chithunzi chisungike pawiri, ndipo pepala lenilenilo muliike mu pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha.